Tidamuperekeza ndi nthungululu, adabwerako ndi mdima

Tsiku limene bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE limatulutsa mayina a ophunzira omwe asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kuno kuchigwa cha Shire foni sizipuma. Amene ali ndi bandulo amatsitsa mndandandawo n'kumayendetsa chala pang'onopang'ono, anzake atamuunjirira pansi pa mtengo wa nimu, mpaka dzina lioneke. Likaoneka, mudzi wonse umamva nthungululu. Mbuzi imafa. Atsibweni amagulitsa thumba la chitowe kapena mapira kuti papezeke sutikesi ndi juzi, poti mwana wokulira m'dzuwa la ku Ngabu sachidziwa chiperoni cha kumtunda.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa CDSS ina, sekondale yoyendera ya m'dera, kutsidya kwa Shire, ku East Bank, ndipo nyama ya maphwando oterewa ndadyako kangapo. Koma ndaonanso kubwerako kumene sikuimbiridwa nyimbo. Mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 adalemba MSCE mu 2022, chaka chomwe namondwe Ana adatigwera mu Januwale. Makalasi athu adasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ndipo iye makope ake adachita kuwayanika pampanda, tsamba ndi tsamba, inki itayenderera. Adapeza mapointi 14. Adasankhidwa kukachita digiri ya sayansi. Chitatha chaka chimodzi adabwerera, ndipo adapempha wakabaza kuti akamutsitsire kuseri kwa tchalitchi kutada, kuti anthu a pamsika asamuone ndi sutikesi. Adali atawidedwa, monga amanenera ana a kukoleji: yunivesite idamuchotsa chifukwa cholephera maphunziro.

Padapita milungu asanabwere kudzandiona. Atabwera adakhala pakhonde, maso ali pansi.

"Aphunzitsi, musaganize kuti ndinkasewera. Mulaibulale ndinkatuluka ndine womaliza. Kungoti chilichonse ndinkachidziwa mochedwa."

Ndidamuuza kuti afotokoze. Tsiku loyamba mulabu, wophunzitsa adangoti aliyense atenge burette, kachubu kagalasi koyezera madzi a mankhwala, achite titration, kusakaniza mankhwala awiri dontho ndi dontho, monga ankachitira kusekondale, n'kupita kukakhala pampando wake. Burette mwanayu ankaidziwa bwino pabolodi, chifukwa ine ndimaijambula ndi choko chaka ndi chaka. M'manja adaigwirapo kawiri kokha, pokonzekera pulakitiko ya MANEB, ndi zida zobwereka. Mnzake wa pambali, wochokera ku sekondale yogonera komweko yokhala ndi labu yakeyake, adamaliza n'kutsuka zida iye akulimbanabe ndi kampopi kuti madontho azigwa limodzilimodzi. Kenako padabwera lipoti la labu. Chibadwire palibe adamuonetsapo lipoti lotere. Adalemba monga timalembera notsi kuno, mwaukhondo, mitu ataidula mizere ndi rula. Pepalalo lidabwerako patatha milungu isanu ndi umodzi, lili ndi malikisi 4 pa 20 ndi liwu limodzi la inki yofiira, lakuti "Poor". Pofika tsiku limenelo adali atapereka kale malipoti ena atatu olembedwa chimodzimodzi. Ku masamu nako nkhani idali yomweyo, ndipo notsi zinkatumizidwa pa WhatsApp iye ali ndi kafoni ka mabatani.

Milungu isanu ndi umodzi imeneyo ndi imene yandilembetsa. Tikafunsidwa chifukwa chake wina amatuluka ndi distinction, wina credit, wina pass, wina osatuluka ndi kanthu, timafulumira kuyankha kuti ndi nzeru ndi khama. Ine ndikuti gawo lalikulu la yankho lili m'kaphunzitsidwe. Yunivesite imene yalandira mwana wa ku Makhanga kuno kuchigwa ndi mwana wa ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre m'kalasi imodzi ili ndi udindo wophunzitsa onse awiri, osati yekhayo amene adafika akudziwa kale njira.

Dziko lino latha zaka zambiri likukanganirana pakhomo lolowera. Kusankha ophunzira potengera boma lochokera, kumene timati quota, kudayamba m'zaka za m'ma 1980 nthawi ya Kamuzu, khoti lidakuletsa mu 1993, kudabweranso mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, n'kudzathetsedwa mu 2020. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti pa ophunzira 100 alionse olowa sukulu za ukachenjede, akazi kapena amuna asachepere 40 ndipo asapitirire 60. Mu 2021 yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, kuonjezera pa LUANAR, MUST ndi Mzuni. Zonsezi ndi nkhani za amene alowe. Mphamvu zathu zathera pamenepo, ndipo mwana akangodutsa pageti timapukuta m'manja ngati ntchito yatha. Koma walira mvula walira matope. Ngati tavomera kuti ana a m'ma CDSS, atsikana a kumudzi ndi ophunzira aulumali azilowa, tavomeranso kuti kalasi ya chaka choyamba si ijanso ya kale, yodzaza ndi ana ochokera ku masekondale ochepa odziwika. Kaphunzitsidwe sikangakhale kaja ka kale.

Chimene chimagwetsa ana athu kawirikawiri si zimene zili pa silabasi ayi. Ndi zinthu zimene palibe amazinena chifukwa aliyense akuganiza kuti zimadziwika kale. Kuti funso likati "discuss" silikufuna zomwe likufuna likati "describe". Kuti kukopera ndime ya m'buku liwu ndi liwu, komwe kusekondale kunkakupatsa malikisi onse, kuno ndi mlandu. Kuti asayimenti imafunika yotayipa, pamene iwe kompyuta waiyatsapo katatu moyo wako wonse. Kuti chitseko cha ofesi ya lekichala ukhoza kugogodapo. Mwana woleredwa kuti pamaso pa akulu azigwada ndi kuyankhula atafunsidwa sangaganize zokagogoda pa ofesi ya pulofesa popanda womuuza kuti n'zololedwa. Yaro, wophunzira wa chaka choyamba, wochokera ku sekondale yotchuka amapeza makonti, ophunzira amene adayamba kale, khumi a kusukulu kwawo akumudikira. Sabata yoyamba yomweyo amamupatsa mapepala a mayeso akale, amamuuza kosi yovuta, amamuonetsa lipoti lawo la chaka chatha. Wa ku Chapananga amakhala yekhayekha wa kusukulu kwawo pa kampasi yonse, mwinanso woyamba m'banja lawo kuponda pamenepo. Mayeso akabwera amayesa zonse ziwiri, nzeru ndi kulumikizana, koma pa satifiketi pamaoneka ngati ayesa nzeru zokha.

Izi si za kuno kokha. M'zaka za m'ma 1970, Uri Treisman, amene ankaphunzitsa masamu ku University of California ku Berkeley, adafuna kudziwa chifukwa chake ophunzira akuda ambiri ankalephera masamu a calculus pamene anzawo ochokera m'mabanja a Chitchaina ankakhoza. Anthu ankati vuto ndi ulesi kapena umphawi. Iye adawatsatira n'kuona mmene amawerengera. Adapeza kuti akudawo ankalimbikira zedi, koma aliyense payekha m'chipinda mwake, pamene enawo akamaliza kuwerenga okha ankakumana, kufananitsa mayankho, kukonzana zolakwa ndi kuuzana zimene lekichala akufuna. Mankhwala amene adapereka ndi amene amandikoka mtima. Sadatsegule kalasi ya ofooka. Adawasonkhanitsa m'timagulu n'kuwapatsa masamu ovuta kuposa a m'kalasi kuti alimbane nawo limodzi, ndipo ana omwe ankaoneka ngati olephera aja adayamba kukhoza bwino. Nditawerenga zimenezi ndidaona mtsikana wanga uja, ali yekha pakona ya laibulale mpaka kutseka.

Inenso ndidadutsa kukoleji, ndipo ndikudziwa mmene kalasi imamvekera ukakhala kuti wachokera kuno. Mwana wa ku Marka kapena ku Tengani amakula akuyankhula Chisena pakhomo, kusukulu amakumana ndi Chichewa, mayeso amalemba m'Chingerezi. Afika kuyunivesite ali ndi ziyankhulo zitatu m'mutu, koma chimene anzake amamva ndi katchulidwe kake basi. Tsiku lina m'chaka choyamba ndidaimika mkono kufunsa funso, kumbuyo kudamveka phwete, wina n'kubwereza mawu anga mokokomeza. Wophunzitsa adangomwetulira n'kupitiriza. Semesita yonseyo sindidafunsenso kanthu. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo malekichala amakonda kutikumbutsa mwambi umenewu. Koma ngati kufunsa kumagulidwa ndi manyazi, ndipo mtengowo umakwera kwa ena kuposa ena, amene ali kutsogolo ndi choko ndiye ali ndi mphamvu yowutsitsa.

Amene adandionetsa kuti n'zotheka adali mayi wina amene adatiphunzitsa m'chaka chachiwiri, m'holo yodzaza moti ena ankakhala pamasitepe. Sabata yoyamba adatipatsa kamayeso kopanda malikisi, adati akufuna adziwe pamene tili asanayambe kuyenda nafe. Sabata yachiwiri adabwera ndi malipoti awiri a ophunzira akale atafufuta mayina, lina labwino lina lofooka, pamodzi ndi pepala losonyeza mmene amagawira malikisi, n'kutiuza kuti tiwachonge ifeyo. Tsiku limenelo ndi limene ndidamvetsa chimene ndidakhala ndikulakwitsa chaka chathunthu. Pakhomo ankaikapo katoni, aliyense woti ali ndi funso aponyemo kapepala kopanda dzina, ndipo phunziro lotsatira linkayamba ndi timapepalato. Pakapita mphindi khumi ndi zisanu ankaima, n'kulemba funso pabolodi.

"Tembenukira kwa mnzako," ankatero. "Kanganani m'chiyankhulo chilichonse chimene mukumvana. Yankho lokha mundipatse m'Chingerezi."

Holo yonse inkachita phokoso ngati msika wa pa Nchalo, Chitumbuka uku, Chiyao uku, ife awiri tikutsutsana m'Chisena za ma electron. Mayeso ake adali ovuta kuposa a wina aliyense chaka chimenecho. Sadatichotsere funso ngakhale limodzi. Adangoonetsetsa kuti tonse tikudziwa chimene chikufunika tsiku la mayeso lisanafike.

Pambuyo pake ndidadziwa kuti njira yoimitsa phunziro kuti ophunzira atsutsane awiriawiri idatchuka ndi Eric Mazur, wophunzitsa physics ku Harvard, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo adaikonzera makalasi akuluakulu. Umboni wake ulipo. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Scott Freeman wa ku University of Washington lidaphatikiza zotsatira za kafukufuku 225 wa makalasi a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Kumene lekichala ankangoyankhula yekha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera. Kumene ophunzira ankapatsidwa zochita ndi zokambirana m'kalasi momwemo, olephera adali pafupifupi 22. Mu 2020 Elli Theobald ndi anzake adayang'ana makamaka ophunzira ochokera m'mabanja osauka ndi m'magulu amene amakhala ochepa m'maphunziro a sayansi, ndipo adapeza kuti kaphunzitsidwe kameneka kadachepetsa kusiyana kwa malikisi a mayeso ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Adaonanso kuti phindulo linkaoneka kumene njirazi zinkachitika mwakathithi, osati kungowaza kamodzi pamwezi. Ambiri mwa amenewa ndi makalasi a ku America, inde, koma chimene adachita sichifuna makina odula. Chimafuna funso lokonzedwa bwino ndi lekichala wololera kukhala chete mphindi zitatu.

Ndikudziwa zimene anzanga ophunzitsa kuyunivesite anganene, ndipo zina n'zomveka. Ena ati uku n'kutsitsa mulingo, digiri isanduka ya chisoni. Apa sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Ine sindifuna namwino kapena injiniya wokhoza mwa chifundo. Mlatho umene adzamange pa Ruo kapena pa Mwanza tidzawolokapo ndi ife, ndipo madzi a kuno sakhululuka. Mulingo ukhale pomwepo. Chimene ndikukana ndi kubisa mulingowo, kenako n'kumati amene sadauone ndi wopanda nzeru. Kuonetsa mwana lipoti labwino asanalembe lake sikuchepetsa chemistry imene ayenera kudziwa.

Ena ati makalasi ndi aakulu, munthu mmodzi sangachonge mapepala mazanamazana m'sabata imodzi. N'zoona, ndipo ine amene ndimachonga makope a Fomu 1 ndi tochi sindingawanyoze. Koma lekichala akhoza kuchonga mapepala makumi awiri oyamba, n'kubwera m'kalasi sabata yotsatira kudzanena zolakwa zisanu zimene zikubwerezedwa, ntchito yachiwiri isanaperekedwe. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi akhoza kupatsidwa kangachepe kuti azitsogolera timagulu ta mayaro, timagulu topangidwa ndi dipatimenti mosakaniza, osati tosiyira ana kuti asankhane okha, chifukwa akasankhana okha wa ku Chapananga uja atsalanso panja. Ndipo thandizo lotere likhale la kalasi yonse. Tsiku limene mudzalembe pachitseko kuti muno ndi mwa ochokera ku CDSS, simudzaonamo munthu.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya ndalama. Mwana wogona ndi njala, wochita lendi kachipinda kopanda magetsi kutali ndi kampasi, wodikira ngongole ya HESLGB, bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, semesita itayamba kale, sangapulumutsidwe ndi kaphunzitsidwe kokha. Izi ndikuvomera, ndipo nkhondo ya ngongole ndi malo ogona ipitirire. Koma umphawi usakhale pobisalira. Lekichala alibe mphamvu pa thumba la boma, koma ali nayo pa zimene zimachitika m'maola ake. Akhoza kusiya kope imodzi ya notsi yosindikiza kulaibulale m'malo mongoti zili pagulu la WhatsApp. Akhoza kulola asayimenti yolemba pamanja m'semesita yoyamba uku ana akuphunzira kutayipa. Ndipo pali china chimene ife a kuno timachidziwa bwino. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, wophunzira wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amakhala m'kalasi thupi lokha, mtima uli pafoni. Madzi a 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023: pa chilichonse mwa zimenezi padali ophunzira amene nyumba ya makolo awo idagwa mkati mwa semesita. Yunivesite iliyonse ikhale ndi ndondomeko yolembedwa, yodziwika kwa yaro aliyense, ya mmene munthu wogweredwa zotere angapemphere masiku oonjezera. Zisadalire kuti lekichala wadzuka bwanji tsiku limenelo, kapena kuti mwanayo ali ndi mtima wokagogoda.

Za ophunzira aulumali ndinenepo mwachidule, chifukwa mfundo yake ndi yomweyo. Mwana amene adayambira pa sukulu ya osaona ya Lulwe ku Nsanje n'kufika kuyunivesite wadutsa zambiri kuposa tonsefe. Lekichala akamaloza pabolodi n'kumati "ichi tikachibweretsa apa chikhala chonchi", mwanayo sanaphunzire kanthu. Kutchula zimene ukulemba, ndi kupereka notsi phunziro lisanachitike kuti aziwerenge pa kompyuta yoyankhula kapena m'zilembo za Braille, kumathandiza iye, komanso kumathandiza wokhala kumbuyo kwa holo amene bolodi saliona, ndi uja amene Chingerezi cha lekichala chimamuthamangira.

Kuti zonsezi zisathere m'mawu, mayunivesite awerenge. Ku Britain, lipoti la 2019 la bungwe la mayunivesite la Universities UK ndi bungwe la ophunzira la NUS lidaonetsa kuti pa ophunzira 100 alionse, azungu opeza digiri ya pamwamba ankaposa anzawo akuda, a ku Asia ndi a mitundu ina yochepa ndi 13, ndipo kusiyanako kunkaonekabe ngakhale pakati pa amene adalowa ndi magiredi ofanana. Chiwerengero chitakhala poyera, atsogoleri a mayunivesite adasowa pothawira. Ifenso senate, komiti yaikulu yoyang'anira maphunziro pa yunivesite iliyonse, izilandira chaka ndi chaka, kosi ndi kosi, chiwerengero cha okhoza, olemba sapu (mayeso achiwiri a kosi imene alephera), obwereza ndi owidedwa, chitagawidwa potengera mtundu wa sekondale imene adachokera, akazi ndi amuna, aulumali, ndi amene ali pa ngongole. Ndikuti mtundu wa sekondale, osati boma lochokera kapena mtundu wa munthu, chifukwa bala la quota silinapole ndipo sindifuna kulitokosa. Mwana wa pa CDSS ya ku Chitipa ndi wa pa CDSS ya ku Nsanje ali m'bwato limodzi. Zikapezeka kuti m'kosi ina ana olowa ndi mapointi ofanana akusiyana zotsatira malinga ndi sukulu imene adachokera, funso lipite kwa kosiyo. Ndipo pokweza malekichala pantchito, kuphunzitsa bwino chaka choyamba kuziwerengedwa monga amawerengera mapepala a kafukufuku, chifukwa munthu amalimbikira chimene chimamukweza.

Ife a kusekondale tili ndi gawo lathu, ndipo langa ndikulivomera. Zaka zambiri ndaphunzitsa ana kuloweza, poti ndi zimene zimabweretsa mapointi, ndipo mtsikana uja ndidamutumiza kumtunda ndi notsi zokongola koma wosadziwa kulemba zimene waona ndi maso ake. Chaka chino a Fomu 3 anga akuchita titration ndi sirinji ya kufamase, madzi a mandimu ndi soda, ndipo aliyense akulemba lipoti.

Amene akuwaphunzitsa kalembedwe ka lipotilo ndi iye yemwe uja. Adadzakadziwa m'semesita yachiwiri, konti wina atamubwereka lake, koma malikisi a semesita yoyamba adali atamumiza kale. Pano akuthandiza mayi ake kudimba uku akusunga ndalama zoti akayesenso kukoleji ina. Loweruka amabwera kusukulu, amalemba mitu pabolodi, cholinga, zida, njira, zotsatira, kukambirana, n'kugawa malipoti awiri, labwino ndi lofooka, kuti ana achonge okha. Gulu lililonse limamutengera masana amodzi.